Zikwangwani za a Ndilaweko

Mumzinda mwathu munali munthu amene khonsolo inamulemba ntchito yoletsa ana kusewera, ndipo munthuyo ndi amene anasewera kuposa mwana aliyense wobadwira kuno. Dzina lawo lenileni linali pa khadi ya kuntchito, koma khadiyo inachapidwa pamodzi ndi ovolosi kambirimbiri mpaka panangotsala makutu a pachithunzi. Tonse tinkangowatcha a Ndilaweko.

Ntchito yawo inali yosavuta kuifotokoza. Munthu akadandaula kuti ana akumusokosera pakhomo pa ofesi, kapena amuswera galasi ndi mpira, kalata yake inkafika pa tebulo la abwana a zamisewu. Abwana ankadinda chidindo, a Ndilaweko n'kukweza chikwangwani pa wilibala. Chikwangwanicho chinali chachitsulo, choyera, cha zilembo zofiira psuu: OSASEWERA PANO, MWA LAMULO LA KHONSOLO. Kukumba dzenje, kuimika, kuthira simenti, basi yatha. Munthu wina akanaimika khumi pa tsiku n'kupezanso mpata wogona pansi pa mtengo.

A Ndilaweko ankaimika ziwiri pa chaka. Chikakhala chaka cha changu, zitatu.

Chinsinsi chinali mu wilibala momwemo. Pansi pa thumba la simenti pankakhala chingwe cha jingo, choko, kamwala kosalala ka phada, ndi mpira wa mapepala apulasitiki wokulungidwa ndi mphira. Akafika pamalo pamene atumidwa, ankatsitsa chikwangwani, n'kuchigoneka chafufumimba kuti chisaone, n'kupinda miyendo ya ovolosi.

"Munthu suletsa chimene sunalawe," ankauza aliyense woima kuonerera. "Ndilaweko kaye."

Tangoganizani: bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, imvi mbuu, jombo kumapazi, akudumpha phada ndi mwendo umodzi pakati pa tauni nthawi ya ntchito. Akadumpha ankatera iwo kaye, mimba n'kutera pambuyo pake. Ndipo sankaseka ayi. Nkhope inali ya dokotala amene akuyeza magazi.

Vuto linali lakuti sungalawe phada pa magalasi osweka. Choncho sabata yoyamba inkathera kutola magalasi ndi misomali. Yachiwiri kukwirira maenje. Yachitatu kukangana ndi wowotcherera mageti kuti achotse zitsulo zake, ndi kundandalika matayala akutha mbali ya kumsewu, chifukwa, monga ankanenera, wantchito wa khonsolo akagundidwa ndi minibasi akuthamangitsa mpira, mafomu ake ndi ambiri. Zikatha izi ankasewera masiku atatu athunthu. Pakakoma ankapukuta thukuta n'kulengeza kuti, "Eya. Apa ndiye poyenera kuletsa," n'kuyamba kukumba dzenje. Pakapanda kukoma ankakwezanso chikwangwani pa wilibala.

"Pano palibe choletsa," ankatero. "Ana si opusa, achoka okha."

Abwana a zamisewu anayesapo kuwafulumizitsa.

"A Ndilaweko, chikwangwani chimodzi miyezi isanu?"

"Bwana, mukufuna ndiziletsa mwachinyengo?"

"Ndikufuna muziletsa basi."

"Nanga ndikaletsa pamalo posakoma, anthu ati khonsolo yathu siidziwa masewera. Manyazi agwira ndani? Chidindo n'chanu."

Abwana anaganizira za chidindo chawo, n'kuwasiya.

Ana sanachedwe kumva chilankhulo chimenechi. Chikwangwani chikaima m'mawa, pofika masana simenti inali ndi mapazi ang'onoang'ono kale. Amayi nawonso anamva. Unkangomva mayi akukuwa pawindo kuti, "Iwe! Choka kumsewuko, kasewere poletsedwa paja!" Amene ankaopa zilembo zofiira anali akuluakulu okha. Wotsuka magalimoto, wotaya zinyalala, woimika kontena ya golosale, onsewa akaona mawu akuti khonsolo ankakhotera kwina. Mwa njira imeneyi, m'zaka makumi awiri, mzinda umene sunakonzepo bwalo la ana ndi limodzi lomwe unapezeka uli ndi mabwalo makumi anayi ndi atatu, onse oletsedwa mwalamulo.

Nkhani ya ku banki aliyense amaikamba mwa njira yake, koma mutu wake ndi umodzi. Manijala wa banki ina analemba makalata atatu kudandaula kuti ana akusewera fulaye poimika magalimoto a makasitomala. A Ndilaweko anafika Lolemba m'mawa, mzere wa anthu utafika panja, n'kutulutsa mpira. Manijala anatuluka akumanga mabatani a jekete.

"Achimwene, ine ndinaitanitsa chikwangwani, osati zisudzo."

"Chikwangwani chilipo, bwana. Koma fulaye ndi wa anthu atatu. Alonda aima uko, ine kuno, tiziponya. Pakati pakusowa wozinda."

"Ine ndine manijala!"

"Ndiye kuzinda anthu munazolowera. Vulani jekete."

Manijala anayang'ana mzere, mzere unamuyang'ana. Anavula jekete kuti zithe msanga. Anazinda kakhumi ndi kamodzi, tayi ikuuluka kumsana, mzere wonse ukuwerenga mokweza. Kenako mpira unamupeza pa thako, phaa!

"Ndinali ndisanakonzeke!" anakuwa manijala. "Tiyambirenso!"

Koma a Ndilaweko anali atalawa mokwanira. "Bwana, malo anuwa ndi otsetsereka, mpira ukuthawira kumsewu, komanso alonda anuwa amabera. Sindingawononge chikwangwani cha khonsolo pano." Anakankha wilibala kupita kuseri kwa banki, kumene kunali malo ongokhala, anawakonza mwezi wathunthu, n'kuwaletsa. Ana onse anasamukira kumeneko tsiku lomwelo. Manijala analemba kalata yachinayi yothokoza khonsolo, ndipo ena amati nthawi ya nkhomaliro ankaoneka kuseriko jekete ili m'manja.

Ya chibisalirano ndiyo inatsala pang'ono kutilanda munthu nthawi isanakwane. Anatumidwa kumalo kumene kampani ina inaunjika mapaipi akuluakulu a simenti. Anauza ana asanu kuti atseke maso, iwo n'kukwawira mu paipi, n'kudzitsekera ndi katoni. Ana anafuna mpaka anatopa, n'kupita kukadya. Kunabwera lole, makina ananyamula paipi ija pamodzi ndi wantchito wa khonsolo, ulendo wa kutsidya lina la mzinda. Dalaivala analumbira pambuyo pake kuti paipiyo inkaseka njira yonse. Atatsitsidwa, a Ndilaweko anasuzumira n'kuona nyumba zachilendo ndi anthu a zipewa zolimba akuwayang'ana kukamwa kuli yasa.

"Mwandipezadi," anatero, "koma inu simunali m'masewera. Sizikuwerengedwa."

Anabwerera wapansi, makilomita khumi ndi awiri, kukauza ana aja kuti aluza. Akazi awo, atamva nkhaniyi, sanasiye n'komwe kusoka chigamba chimene ankasoka. Iwo anthu akawafunsa kuti muli ndi ana angati, ankayankha kuti anayi, atatu anakula.

Ndiye kunabwera mwana wa mlongo wawo. Mtsikanayu anakhala kunja zaka zisanu ndi chimodzi akuphunzira kakonzedwe ka mizinda, ndipo anabwerako ndi digiri, botolo la madzi losachoka m'manja, ndi mayendedwe a munthu amene sitima ikumusiya, mumzinda mopanda sitima. Mawu ake onse ankayamba chimodzimodzi. "Kunjaku basi imafika pa nthawi." "Kunjaku agalu ali ndi mapaki awo." Sabata isanathe, khonsolo yonse, imene inamulemba ntchito ku ofesi ya mapulani, inkamutcha Kunjaku. Tisamuseke kwambiri. Ambiri amene tinakakhalako tinabwera ndi nthenda yomweyo, ndipo imachedwa kuchoka pakamwa.

Amalume akewo ankamuchititsa manyazi. Tsiku lina anawapeza pafupi ndi positi ofesi ali pa mwendo umodzi, achinyamata akuwajambula ndi mafoni.

"Amalume, anthu akukujambulani."

"Auze ajambule mwendo uwu, mayi. Winawu ndi waulesi."

Kunjaku analumbira mumtima kuti aonetsa mzindawu mmene ana amasewerera m'mayiko a anthu. Khonsolo inamupatsa malo, ndipo anamanga paki ya ana yoyamba mumzinda, yofanana ndendende ndi imene ankaidutsa popita ku kalasi kunja kuja. Panali akatungwe anayi, chotsetserekapo chachitsulo chonyezimira ngati supuni yatsopano, mpanda, geti, loko, ndi mlonda. Pakati pa malowo panali mtengo waukulu wakalekale, koma pa pulani panalibe mtengo, choncho wolakwa anali mtengo. Anaudula.

Miyezi itatu inatha. Akwati ankabwera kudzajambulitsa pa katungwe. Mlonda ankapukuta chotsetserekapo m'mawa uliwonse, ndipo ananenepa. Mwana sanapondepo. Kunjaku anapirira mpaka analephera, n'kukafunsa mayi wogulitsa tomato pafupi ndi geti.

"Mayi, paki ili apa, yaulere. Bwanji ana anu akusewera kuseri kwa galaja?"

"Kugalajako n'koletsedwa, achemwali."

"N'chifukwa chake ndikufunsa!"

"Ndiye ndakuyankhani. Panupa sanaletsepo. Ine mwana wanga ndimuponye pamalo posaletsedwa? Akavulala mundiberekera wina?"

Loweruka Kunjaku anapita kwa amalume ake. Anawapeza pakhonde akupopa tayala la wilibala, anti ake akuyanika ovolosi imene mawondo ake anali zigamba zokhazokha.

"Amalume, ndabwera kudzapempha."

"Pempha, mayi."

Zaka zisanu ndi chimodzi za sukulu zinamuima pakhosi. "Mudzaletse paki yanga."

"Kuletsa sikuyenda pachibale," anatero a Ndilaweko, akufinya tayala ndi chala. "Ndilaweko kaye."

"Musavale ovolosi yabwino ija," anatero anti osacheuka.

A Ndilaweko anafika ku paki ija masana dzuwa lili paliwombo, poti ndiyo nthawi imene ana amaweruka. Anakwera masitepe a chotsetserekapo mwaulemu wonse, anakonza chipewa, n'kukhala pa chitsulo chija. Kukuwa kumene anakuwa kunamveka mpaka ku depoti ya mabasi. Sanatsetsereke, anachita kuuluka. Mlonda amati panamveka fungo la simbi yoiwalidwa pa malaya. Zokambirana zawo ndi Kunjaku zinachitika onse ali chiimire.

"Mayi, kunjako dzuwa limalowa ntchito nthawi yanji?"

"Limabwera mwa apo ndi apo."

"Kuno ndi lolembedwa ntchito. Ndi kutchuthi komwe silipita." Anayang'ana uku ndi uku, dzanja lili kumbuyo. "Wobisala abisala kuti pano? Wotopa akhala pati? Amake akamamudikira aziima padzuwa? Nanga wofuna kukumba akumba chiyani, simentiyi? Wamangira mwana wa pachithunzi, mayi. Mwana weniweni ndi wauve, amafuna ngodya."

"Ndiye simuletsa?"

"Pano palibe choletsa."

Mawu amenewo Kunjaku anali atawamvapo akunenedwa pa dzala la zinyalala. Sanawapatse moni amalume ake masabata awiri, ndipo masabata awiri omwewo amalumewo ankadya chiimire.

Ali mkati mosayankhulana chonchi, abwana a zamisewu anaitanitsa Kunjaku. Pa tebulo panali kalata ya mkulu wina wa bizinesi yoimitsa magalimoto. Mkuluyo anali atayendera malo a zikwangwani, ndipo analemba kuti zikwangwanizo ndi zachabe, ana amadzazana ngati nyerere pa shuga. Kuli bwino khonsolo izizule, malowo impatse iye awathire phula, magalimoto azigona bwino.

"Nkhani ndi yachidule," anatero abwana. "Ngati zikwangwani sizigwira ntchito, tizula zonse, malo apite. Ngati zikugwira, zikhale. Chinthu chogwira ntchito m'khonsolo muno sitichikhudza, n'chosowa. Inu ndinu a masamu. Kawerengeni ana."

Kunjaku anatuluka mu ofesimo ndi kachimwemwe kamene sakanakaulula kwa munthu. Malo onsewo akapita, ana adzalowera kuti ngati si ku paki yake?

Koma wodziwa kumene kuli malo onse makumi anayi ndi atatu anali mmodzi yekha, choncho anayenera kuwapatsa moni. Ankanyamuka folo koloko tsiku lililonse, amalume patsogolo ndi wilibala, iye pambuyo ndi kope. Kuseri kwa galaja anapeza mpira wa anthu makumi atatu mbali imodzi, pagolo pali mtsikana woyendera ndodo amene palibe anamumwetsapo chigoli chifukwa ndodoyo inkafika paliponse. Pafupi ndi msika ana anali atamanga mzinda wawo wa dothi ndi zitsekerero za mabotolo, wa misewu, mlatho, ndi ngalande zoyendadi madzi, chinthu chimene mzinda weniweni unali usanakwanitse. Kunjaku anagwada n'kufunsa amene anajambula pulani. Anamulozera kamtsikana kamamina kamene kankadya mchenga. Kwina anapeza ana akusewera khonsolo. Mmodzi anakhala kuseri kwa katoni yobooledwa windo, ena khumi ndi awiri pamzere, ndipo aliyense akafika pawindo ankauzidwa kuti abwere mawa. Ankaseka mpaka kugwa pansi, n'kukaimanso kumapeto kwa mzere.

Pofika tsiku lakhumi, m'kope munali ana oposa zikwi ziwiri. Paki yake, ngakhale itazizira, inali yokwana ana makumi atatu. Kunjaku anakhala pa tayala, kope lili pamwendo, n'kulitseka.

"Amalume, mukudziwa kuti nambala iyi ikafika kwa abwana, malo onsewa apita?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukundionetseranji onse? Mukanabisako ena."

"Iwe unati ukufuna kuwawerenga. Ine ndimafuna uwaone."

Onse awiri anaonerera kamnyamata kena kakugubuduza tayala lalikulu kuposa iko. Kenako a Ndilaweko anayankhula osamuyang'ana.

"Agogo ako ankakhoma zidebe. Ine ndinayamba kuwagwirira lata ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amayi ako akuyenda ndi zidebe pamutu kukagulitsa. Kawafunse ngati amadziwa kudumpha jingo. Anzathu akamasewera, ife tinkangomva phokoso ngati mvula ya kwa eni. Phada ndinamudumpha koyamba ndili ndi zaka makumi anayi, nditavala ovolosi ya khonsolo, chikwangwani changa choyamba chili pambali. Ndinkangofuna kudziwa chimene andituma kuletsa. Nditafika kumapeto kwa mabokosi aja ndinakhala pansi, mayi. Ndinati, kani chinali chimenechi?" Anapukuta mphuno ndi chipewa. "Tiye, kwatsala malo asanu ndi anayi."

Kunja kuja anamuphunzitsa kuti wa mapulani sanama pa nambala. Kunjaku sananame. Anagula kope latsopano, n'kuyenderanso malo onse makumi anayi ndi atatu naini koloko m'mawa, masiku a sukulu. Malo oyamba: ana ziro. Achiwiri: ziro, nkhuku imodzi. Lipoti lake linali la masamba makumi atatu, la magalafu amitundumitundu, ndipo mizere yonse inagona pansi ngati yakomoka.

Abwana anawerenga mpaka anavula magalasi. "M'zaka zanga zonse sindinaonepo ntchito ya khonsolo yopambana chonchi. Ndikufuna ndikadzionere ndekha. Lachisanu, folo koloko, pa bwalo lalikulu lija kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo katundu. Titengenso mkulu wa magalimoto uja, akachite manyazi."

Pa bwalo limenelo, folo koloko, pankakhala ana osachepera mazana awiri. Kunjaku anathamanga mpaka anawapeza amalume ake.

"Amalume, tapsa. Akubwera Lachisanu folo koloko."

"Nthawi yabwino. Ana amakhala ambiri."

"Vuto lake ndi limenelo!"

"Mayi, iwe bwera ndi alendo ako. Ife mudzatipeza tikugwira ntchito."

Lachisanu galimoto itakhota pa kona, Kunjaku anatsinzina. Atatsegula maso anaona bwalo lili mbee, fumbi lokha likutera pang'onopang'ono ngati pangodutsa ng'ombe. Panali migolo, mulu wa matayala, chibasi chakufa chopanda mawilo, ndi chingwe cha jingo chili pansi. Pakati pa bwalo panali a Ndilaweko, chipumi atachitsamiritsa pa chikwangwani, manja kumaso, akuwerenga mokweza.

"Eyite-seveni, eyite-eyiti..."

"A Ndilaweko," anatero abwana, "mukuwerenga chiyani?"

"Ana amene palibe, bwana. Musandisokoneze. Eyite-naini."

Mkulu wa magalimoto anatchera khutu. "Pano pali ana. Ndikumva kuseka."

"Ndi mgolo uwo," anatero Kunjaku, ndipo mawu ake anamudabwitsa iye mwini. "Chitsulo chikatenthedwa ndi dzuwa chimatulutsa phokoso. Kunjaku anachita kafukufuku."

Mgolo unayetsemula.

"Ndi fumbi," anawonjezera Kunjaku.

Abwana anayamba kuzungulira bwalo pang'onopang'ono, manja kumbuyo. Anadutsa chibasi chija, chimene mawindo ake onse anaphethira. Anadutsa katoni imene inali ndi maso. Atafika pa mulu wa matayala anaima. Pansi pa tayala panatulukira kaphazi, kovala patapata womangidwa ndi waya. Abwana anakayang'ana kaphaziko nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumwamba ngati akuona za mvula, ndipo ndi nsonga ya nsapato anakakankhira mkati mofatsa. Amene anabisala pafupi amati anamva abwana akunong'ona kuti, "Pindanso bondo, iwe."

Anabwerera pa galimoto akusasa fumbi m'manja.

"Ine ndaona malo omvera lamulo," anatero. "Zikwangwani zikhale."

Mkulu wa magalimoto anatsegula pakamwa, koma chitseko cha galimoto chinali chitatsekedwa kale. Galimoto itachoka, a Ndilaweko anamaliza kuwerenga mpaka handiredi, n'kuyamba kufuna, chifukwa malamulo ndi malamulo. Ana mazana awiri sangapezedwe ndi munthu mmodzi. Kunjaku anapezako khumi ndi mmodzi, siketi itada ndi girisi, botolo la madzi ataliiwala m'galimoto ya abwana.

A Ndilaweko anatisiya chaka chotsatira, masana a Lachitatu, ali pa ntchito. Anali atatha masabata atatu akutola magalasi pamalo ena atsopano kuseri kwa fakitale ya sopo. Tsiku lachiwiri la kulawa, atadumpha jingo, anati apumeko pang'ono. Anagona chagada pa mchenga, chipewa kumaso, manja pamimba. Ana anayang'anana. Anali asanawaonepo a Ndilaweko akupuma, choncho anadziwa kuti awa ndi masewera atsopano. Mmodzi anagona pambali pawo, wina pambali pa ameneyo. Kunjaku atafika ndi fomu yoti asayine, anapeza ana makumi anayi atagona chagada mu mzere, manja pamimba, masaya atatupa ndi kuseka kosungidwa, aliyense akudikira kuti woyamba kugwedezeka akhale mnzake.

"Shii, anti," kanatero kamtsikana kena ndi ngodya ya pakamwa. "Agogo akuwina."

Kunjaku anagwada, anakweza chipewa, n'kuchibwezeretsa. Anakhala pansi pambali pawo, chifukwa sanadziwe kuti masewera otere amathetsedwa bwanji. Malo amenewo sanafike poletsedwa. Lero pali potsukira magalimoto.

Malo makumi anayi ndi atatu aja alipobe. Zilembo zikayamba kufufutika, makolo amasonkhana Loweruka ndi kabulashi n'kulembanso bwinobwino kuti OSASEWERA PANO, kuti ana awo apitirize kusewera. Khonsolo inalemba munthu wina, wolimbikira ntchito, wopanda mimba, amene amaimika khumi pa tsiku ndipo analandira kale satifiketi. Mwezi wake woyamba ana anathamangira chikwangwani chatsopano m'mbali mwa ngalande, wina n'kuchekedwa phazi ndi botolo. Kuyambira pamenepo anaphunzira kusiyanitsa. Wilibala ikamalira mumsewu masiku ano, palibe mwana amene amaitsatira, ndipo amayi akamakuwa pawindo amawonjezera mawu: "Poletsedwa pakale paja, wamva?" Mzinda ukukula, nyumba zikumera kumene kunali thengo, ana akubadwa kumene wilibala ya a Ndilaweko siinafikeko. Kumeneko chikwangwani chikati osasewera, chimatanthauza osasewera.

Posachedwapa Kunjaku ankadutsa kudera lina latsopano. Anaona malo ongokhala, a mthunzi wabwino, okhala ndi khoma loyenera kumenyapo mpira, ndipo pakati pake chikwangwani chatsopano, simenti isanaume. Patsogolo pake panaima mwana wa zaka ngati zisanu, mpira uli m'khwapa. Kuwerenga anali asanadziwe, koma zilembo zofiira ankazidziwa.

"Anti, ichi n'choletsa cha agogo aja, kapena choletsa chenicheni?"

Kunjaku anayang'ana udzu wautali umene palibe anali atalowamo, osadziwa chimene chili pansi pake.

"Chenicheni, mwanawe."

Mwanayo anagwedeza mutu, anakumbatira mpira wake, n'kubwerera kwawo. Kunjaku wayenda mayiko, waona zambiri, koma amati sanaonepo chinthu chomvetsa chisoni ngati mwana womvera chikwangwani.